Madzi akutumphuka kuseri kwa daiki, ndipo asilikali achoka Lachisanu

Woyang'anira ntchito, Chikwawa:
Akuluakulu, ndithandizeni msanga. Malo omwe daiki (khoma ladothi lotchinga madzi a mtsinje) inagumuka sabata yatha tawatseka mothandizidwa ndi asilikali a zomangamanga omwe anabwera ndi katapila, koma m'mawa uno ndapeza tiakasupe titatu tikutumphuka kuseri kwake, mbali ya kumudzi. Kontrakitala amene anaimanga poyamba anathira mchenga wa mumtsinje pakati n'kuphimba ndi makande pamwamba, ndipo foni yanga sakuyankha. Makina achoka Lachisanu. Kodi ndiwapemphe asilikaliwo akweze daiki, kapena tikwirire tiakasupeto ndi dothi?

Mayi injiniya, Blantyre:
Bambo, musakwirire chilichonse, chifukwa madzi mukawatseka pamenepo akatulukira pena pomwe simukuwona. Tungani madziwo m'botolo loyera muwayang'ane. Ngati ali mbee, ingowalonderani usiku ndi usana. Ngati ali ndi matope, ndiye kuti akukokolola dothi la pansi pa daiki. Zikatero zungulizani kasupe aliyense ndi matumba a mchenga, mukweze mpaka madzi azituluka oyera, koma musawaletse kutuluka.

Mkulu wa za misewu:
Vuto si daiki ayi, vuto ndi mchenga. Mitsinje ya kumeneko inadzadza moti pena pansi pa mtsinje pamafanana ndi minda ya m'mbali. Katapilayo akumbe mtsinje.

Msilikali wopuma:
Achimwene, katapila musamukweze pamwamba pa daiki yonyowa, adzaititimiza ndipo mudzataya zonse ziwiri. Mu Januwale 2015 ndinali m'boti ku Makhanga, mtsinje wa Ruo utasiya njira yake n'kudutsa m'midzi. Tinkatsitsa anthu m'mitengo, ndipo mayi wina anakana kukwera tikapanda kutenga mbuzi yake, yomwe anaimangirira panthambi ndi chitenje. Kuyambira pamenepo ndimakayikira aliyense wonena kuti mtsinje waugonjetsa ndi khoma. Anzathu a US Army Corps of Engineers, asilikali a zomangamanga a ku America, anakhulupirira zimenezo pa mtsinje wa Mississippi kwa zaka zambiri, nangokweza madaiki okha, kufikira chigumula cha 1927 chinawagumulira m'malo ambirimbiri. Lamulo la 1928 ndilo linabweretsa njira zopatutsira madzi, monga Bonnet Carré kumtunda kwa mzinda wa New Orleans, ndipo mu Meyi 2011 iwo eni anaphulitsa daiki ku Birds Point, namiza minda kuti tauni ya Cairo ya ku America komweko ipulumuke. Funsani mafumu kuti ndi dimba liti lingalandire madzi zinthu zikafika povuta.

Mkulu wa za misewu:
Mississippi ili kutali, bwana. Ine ndikuti kumbani mtsinje.

Mayi injiniya, Blantyre:
Mukakumba pafupi ndi phazi la daiki madzi ali chonchi, mutsegula mchenga womwe ukudyetsa tiakasupeto. Komanso zomwe mungakumbe masiku atatu, mvula imodzi ya kumapiri a Thyolo idzazibweza. Ntchito imeneyo ndi ya chilimwe.

Woyeza malo, Nsanje:
Za mafumuzo musazitenge mopepuka. Kwina komwe ndinagwirako, anthu a tsidya lina anaona daiki yathu ikukwera, nadziwa kuti madzi onse akankhidwira kwawo, ndipo usiku anabwera ndi makasu. Chinanso, mulembe bwino zomwe asilikali achita ndi zomwe munazipeza, mujambule ndi zithunzi, chifukwa iwo akangochoka pa ntchito yadzidzidzi, wosayina mapepala ndi inuyo. Yang'ananinso ziswe ndi mauna a mbewa. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023 ndinayenda pa daiki ina yomwe kunja inkaoneka yolimba, phazi langa linangolowa mpaka m'bondo.

Msilikali wopuma:
Za makasu a usikuzo ndi zoona, ndipo n'chifukwa chake ife tinkaika alonda. Wowapempha asilikaliwo kuti akhalitse si inuyo, pempho limadzera kwa a DC ndi ku DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, choncho lembani lero.

Mkulu wa za misewu:
Lembani, koma m'kalatamo muikemo zokumba mtsinje. Chaka chamawa mudzabweranso ndi funso lomweli.

Mayi injiniya, Blantyre:
Bambo a ku Chikwawa, madzi a m'botolo aja anali otani?