Thandizeni amayi, mng'ono wanga thupi silikuzizira chibadwire mwana

Amayi anzanga, mwaswera bwanji? Mng'ono wanga wa ku Katete anachira mwa opareshoni, mwana ali bwinobwino, koma iye thupi likungotentha. Usiku amanjenjemera mpaka mano kugundana, ndipo akumva ululu m'munsi mwa mimba chakumanja. Malungo anayeza, palibe. Maantibayotiki a m'diripi walandira, kutentha kumatsika pang'ono n'kubwereranso.

Pano tili kuchipatala kuno ku Chipata. Adokotala akukayikira kuti magazi anaundana m'mitsempha ya m'chiuno, ndipo tizilombo talowamo. Akuti sikani wamba ija ya azimayi oyembekezera siionetsa bwino zimenezi, pafunika CT kapena MRI. Awonjezeranso jakisoni wa heparin woti magazi asapitirize kuundana.

Alipo anadwalapo matenda amenewa? Munabayitsa nthawi yaitali bwanji? Nanga mwana munkayamwitsabe? Anamwino akuti palibe vuto, koma mwini wake akuchita mantha.

Chinanso, apongozi ake akuumirira zoti akatuluka azikamuthowa pamimba ndi madzi otentha. Ine ndakana kaye mpaka tifunse adokotala, poti bala silinapole. Mungawauze bwanji akuluakulu otere osawakhumudwitsa?