Paini ndi mkungudza zikuoneka chimodzimodzi pa chithunzi, nditani?

Wa mapu, Likhubula: Akuluakulu, ndithandizeni. Andipatsa ntchito yoonetsa komwe paini wafalikira pa Chambe ndi Sombani, paphiri la Mulanje. Ndatsitsa zithunzi za setilaiti ya Sentinel-2, ndawerengetsa NDVI (muyeso wa kubiriwira kwa zomera) mu pulogalamu ya mapu ya QGIS, koma paini, mkungudza ndi nkhalango za m'makwawa zonse zangotuluka zobiriwira mofanana. Lipoti likufunika mwezi uno.

Mayi wa GIS (mapu a pakompyuta), Thyolo: Achimwene, NDVI imangokuuzani kuti pali masamba, siisankha mtundu wa mtengo. Ife kuno imasokoneza ngakhale tiyi ndi bulugamu. Chithunzicho ndi cha mwezi wanji?

Wa mapu: Cha June, mayi. China cha July changokhala mitambo yokhayokha.

Mayi wa GIS: Nthawi ya chiperoni imeneyo. Komanso mu June dzuwa limakhala chakumpoto, ndiye malo otsetsereka oyang'ana kumwera amada ndi mthunzi, kompyuta n'kumayesa nkhalango yowirira. Tengani cha September, udzu utauma. Setilaitiyi imadutsa masiku 5 aliwonse, simungalephere kupeza choyera. Paini amene walowa m'udzu amaonekera patali pamenepo. Muphatikizenso ma band (mitundu ya kuwala imene setilaiti imajambula) a red edge ndi SWIR, ngakhale pa amenewo kadontho kamodzi ka chithunzi ndi mamita 20.

Mlonda wa nkhalango, Chambe: Ndilowererepo, bwana, ngakhale za makompyutazo sindizidziwa. Paini amene akutisowetsa tulo si wamkuluyo, amene uja aliyense akudziwa pomwe ali. Vuto ndi mbande. Moto ukadutsa, zipatso zake zija zimatseguka, njere zili ndi kaphiko, mphepo n'kuzimwaza. Mvula ikangogwa, palupsa ponse pamamera tiana tambirimbiri ngati nazale. Kofika m'bondo umazula ndi dzanja limodzi. Ukakasiya zaka zingapo, ndiye nkhwangwa, anthu aganyu ndi ndalama. Kodi makina anuwo amaona kamtengo kofika m'bondo?

Mayi wa GIS: Sangaone, madala. Kadontho kamodzi pachithunzi ndi mamita 10 mbali zonse. Koma mwatipatsa nzeru: lupsa amaliona bwinobwino. Achimwene, yerekezani chithunzi cha moto usanadutse ndi cha utadutsa pogwiritsa ntchito NBR, muyeso woonetsa malo opsa. Mukapeza malo opsa oyandikana ndi paini wakale, amenewo ndiwo muwalembe kuti apiteko anthu mvula ikayamba.

Wa nazale ya mkungudza, Lichenya: Chonde musatumize ozula ndi mapu okha. Munthu wachilendo akhoza kutizulira mkungudza womwe tabzala movutikira, chifukwa ukakhala waung'ono masamba ake amakhala ngati singano. Azipita ndi wodziwa. Ndipo pali minga ija ya Rubus, imene ikutseka m'mphepete mwa nkhalango. Imeneyo pachithunzi mudzangoti ndi tchire wamba.

Wa mapu: Ndamva. Ndiye lipoti ndiligawe pawiri: paini wamkulu amene akuoneka, ndi malo opsa ofunika kuyendera. Nanga ndiphunzitsa bwanji kompyuta kusiyanitsa mitengoyi?

Mayi wa GIS: Ndi miyendo. Kwerani ndi GPS, muime pakati pa paini yekhayekha, kenako pakati pa mkungudza wokhawokha, malo otakata ndithu, osati m'malire. Ena mwa malowo muwasunge padera oyesera ngati mapu akunena zoona.

Mlonda wa nkhalango: Bwerani Lachiwiri m'mamawa, tinyamukire ku Likhubula dzuwa lisanatenthe. Mutenge juzi ndi batire lapadera, kumtunda kuno kulibe potchajira.