Pikapu ya lendi kapena kugula n'kuikapo bodi yako: idzagulika bwanji?

Wa ku Chirimba: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pa ntchito yonyamula katundu pakati pa Limbe, Lunzu ndi Chikwawa, chabwino n'chiti: kutenga pikapu ya lendi, kapena kugula Hilux single cab n'kuikapo bodi yazitsulo? Nkhawa ili pa mtengo wake pogulitsa zikadzatha zaka zinayi.

Amayi a ku Namiwawa: Achimwene, yambani mwasiyanitsa mitundu iwiri ya lendi. Pali woti mumalipira pamwezi, nthawi ikatha mumabweza galimoto. Pamenepo amakuikirani malire a makilomita, ndipo chibowo chilichonse chimene mwaboola mudzachilipira. Wina ndi wa kubanki: galimoto idzakhala yanu mukamaliza ngongole, koma isanathe simungaigulitse kapena kuisintha popanda chilolezo chawo. Funsaninso ngati chiwongoladzanja n'chokhazikika. Ine ndikuti gulani. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anali ndi galimoto yakeyake anali ndi chogwira m'manja.

Makaniko wa ku Ndirande: Zoona amayi, koma chimene chimapha mtengo ndi kuwotcherera. Bodi isawotchereredwe pa chasisi, felemu yachitsulo imene imanyamula galimoto yonse. Pangani kafelemu kapadera, kakhale pamwamba pa chasisi, mukamange ndi mabauti pa mabowo amene alipo kale kapena ndi ma U-bolt, mabauti opindika ngati chilembo cha U. Chasisi imapindikapindika pa msewu wa mabampu, ndiye pamene padutsa moto m'pamene mng'alu umayambira. Musaboolenso milomo ya chitsulo cha chasisiyo, ya pamwamba kapena ya pansi, popeza ndiyo imasenza kulemera. Wowotcherera akagwira pafupi ndi nambala ya chasisi, wogula aliyense adzaganiza kuti galimotoyo ndi yakuba. Ndipo batire ichotsedwe kaye, apo ayi kompyuta ya injini ikhoza kupsa.

Wa ku Chirimba: Nanga kuwonjezera sipuling'i imodzi kumbuyo, bambo?

Makaniko wa ku Ndirande: Imangoletsa galimoto kukhala pansi. Mabuleki, maberingi ndi ekiselo zimakhala zomwezo. Pikapu yotere imanyamula pafupifupi tani imodzi, matumba 20 a makilogalamu 50. Bodi yanu ikalemera makilogalamu 200 kuposa yakale, matumba anayi apita, musanawerengere anthu okwera. Mukatsika phiri la ku Chikwawa ndi matumba 30, mabuleki amatentha n'kuyamba kununkha musanafike pa Thabwa.

Bambo a ku Makata: Ine ndikutsutsako pang'ono. Ngati muli ndi kontirakiti ya zaka ziwiri zokha, lendi ndi yabwino: sevisi imakhala m'kati mwa malipiro nthawi zambiri, ndipo ndalama zanu zimatsala mu bizinesi. Komanso pali Hilux Champ imene Toyota inatulutsa ku Thailand mu 2023, yokhala ndi mabowo kale kumbuyo kuti uzingomangapo zimene ukufuna. Yotero ngakhale mwini lendi angalole, bola zilembedwe.

Amayi a ku Namiwawa: Zaka zinayi ndi nthawi yaitali, bambo, pamenepo lendi mwaidyetsa zambiri. Achimwene, mukasintha bodi kapena mtundu wa penti, pitani ku Road Traffic ku Ginnery Corner akasinthe m'mapepala, kuti pasavute potenga COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu. A inshulansi auzeninso, chifukwa ngozi ikachitika angakane kulipira.

Makaniko wa ku Ndirande: Ndipo bodi yoyambayo musaigulitse. Isungeni pa matabwa, pansi pa denga, mabauti ake m'chitini. Wogula safuna zitsulo zopangidwira ntchito ya munthu wina. Pogulitsa mudzabwezerepo bodi yake, yazitsuloyo mudzaigulitse payokha.

Wa ku Chirimba: Ndamva. Nanga kafelemuko kakhale ka chitsulo chokhuthala bwanji?

Makaniko wa ku Ndirande: Channel, chitsulo chooneka ngati ngalande, ya mamilimita anayi ikwana. Ikani labala pakati pake ndi chasisi, ndipo mabauti mukawamangenso pakatha sabata yoyamba.