Shelefu yachitsulo yogula m'sitolo: ingasenze mabotolo 120 a tomato ndi jamu?

Naphiri: Odziwa tithandizeni. Gulu lathu la amayi likufuna kusunga tomato, jamu wa mango ndi achali m'mabotolo agalasi a Consol, pafupifupi 120 a lita imodzi. Kachipinda kalipo koma mulibe poika. M'masitolo a zipangizo zomangira muli mashelefu achitsulo omanga ndi mabawuti, a masanjiko asanu. Tigule amenewa, kapena tipite kwa kalipentala?

A Banda: Amayi, musanayang'ane mtengo werengani kulemera. Botolo la lita imodzi likadzaza limalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, ndipo m'mimba mwake ndi masentimita 10. Pa sanjiko lotalika masentimita 90, m'lifupi 30, mumakwana mizere itatu ya mabotolo 8, onse 24. Amenewo ndi makilogalamu 36 pa sanjiko limodzi, 180 pa shelefu yonse, kuposa matumba atatu a chimanga. Mashelefu ambiri otsika mtengo ndi a lata lopyapyala, anawapangira mafayilo a mu ofesi. Amayamba kubwafuka pakati, mabotolo n'kumatsetserekera pamodzi, kenako mabowo a mabawuti amakula ndipo chinthu chonse chimapendama. Funsani wogulitsa kuti sanjiko limodzi limanyamula makilogalamu angati, osati shelefu yonse. Ngati sakufika 60, isiyeni.

Nambewe: Komatu a Banda, chiswe mwachiiwala? Matabwa a paini chimawadya m'kati kunja kukuoneka bwinobwino, tsiku lina mungomva mabotolo ali pansi. Chitsulo sichidziwa chiswe. Ine ndikuti agule, bola ikhale yokhuthala.

A Banda: Chiswe nthawi zambiri chimabwera podutsa pansi kapena m'khoma. Miyendo ikhale pa simenti yopanda ming'alu, shelefu italikirane ndi khoma masentimita 5 kuti tinjira tadothi tikayamba muzitiona msanga. Vuto lenileni la matabwa ndi lina: kugula aawisi. Paini wongocheka kumene amapotoka akamauma. Ayambe wauma pamthunzi, atasanjidwa ndi timitengo pakati. Thabwa likhale lokhuthala mamilimita 25, ndipo zochirikiza zisatalikirane kupitirira masentimita 60. Apa anthu amapeputsa: mukatalikitsa mpatawo kawiri, thabwa lodzaza mabotolo silipindika kawiri ayi, limapindika ka 16. Chipboard, bolodi ya tizipalamandu tamatabwa tomata pamodzi, musayese n'komwe, imafufuma nthawi ya dzinja n'kunyenyeka pa sikuluwu.

A Mwale: Nonse mukunena zoona, ndiye phatikizani. Pitani kwa wowotcherera zitsulo akupangireni chimango cha engo ayoni ya mamilimita 40 x 40 x 3, muyalepo matabwa. Miyendo ndi yachitsulo, chiswe chilibe pokwerera chosaoneka, ndipo thabwa likawonongeka mumangochotsa limodzilo. Miyeso yake:

Kutalika kwa shelefu yonse kusapitirire masentimita 150, kuti mayi wamfupi asamakwere pampando atanyamula galasi. Sanjiko loyamba likhale masentimita 15 kuchoka pansi, madzi okolopera asafike ndiponso tsache lizilowa. Pakati pa masanjiko siyani masentimita 25, botolo lituluke osapendekeka. M'lifupi musapitirire 30. Mukaika mizere isanu, za kumbuyo zimaiwalika mpaka chaka chitatha. Kumbuyo awotcherere zitsulo ziwiri zopingasa kuti isamagwedezeke. Apake kaye red oxide, penti yoteteza ku dzimbiri, kenako penti ya mafuta, makamaka powotcherera, chifukwa dzimbiri limayambira pomwepo.

Matabwawo musapake oyilo wakutha wa galimoto monga timachitira pa mitengo ya khola. M'kachipinda kotseka fungolo limalowa mu ufa ndi shuga zomwe mudzaikamonso.

Nambewe: Zimenezo n'zabwino kwa amene ali pa nyumba yawoyawo. Wa lendi, chimango chowotcherera chituluka bwanji pakhomo posamuka? Yamabawuti mumamasula n'kunyamula pa njinga.

A Mwale: Pamenepo mwanena, asisi. Wa lendi apangitse timashelefu tiwiri tating'ono m'malo mwa chachikulu chimodzi, kapena agule yamabawuti yolimba ija. Koma iliyonse imangidwe kukhoma cha kumwamba ndi mabawuti awiri olowa mu njerwa yeniyeni, osati m'matope a pakati pa njerwa. Mwana akakoka sanjiko lapansi, makilogalamu 180 amamugwera. Kutsogolo kwa sanjiko lililonse khomani kathabwa kotchinga ka masentimita 4. Dziko lathu limagwedezeka. A ku Salima akukumbukira chivomezi cha 1989, a ku Karonga cha 2009. Kagwedezeko kakang'ono n'kokwanira kuyendetsa botolo mpaka m'mphepete.

Nankhoma: Mundikhululukire, ndikhotetsa nkhani pang'ono. Shelefu ya mtengo wapatali ikaikidwa m'chipinda cholakwika, ndalama zapita pachabe. Zakudya za m'mabotolo zimafuna mdima, pouma, pozizira. Bwino kwambiri ndi madigiri 10 mpaka 21, ndipo zisafike 35. Pansi pa malata opanda siling'i mu Okutobala, sanjiko lapamwamba limapitirira pamenepo. Jamu amada, tomato amafuwa, ndipo chivindikiro chimatha kulekerera mpweya. Choncho ngati ndalama zili zochepa, yambani mwaika siling'i, ngakhale ya mphasa. Pewani khoma la kumadzulo lomwe limaotha dzuwa masana onse, komanso khoma loyandikana ndi pophikira. Zenera litchingidwe ndi nsalu yakuda, koma kabowo kolowera mpweya kakhalepo, kotsekedwa ndi sefa yachitsulo chifukwa cha makoswe ndi mphemvu.

Posanja: mabotolo akachoka m'madzi owira n'kuzizira kwa maola 12 mpaka 24, masulani mphete yomangira chivindikiro, mutsuke botolo lonse, mupukute liume. Mphete ikatsala imabisa chinyezi, imachita dzimbiri, ndiponso imagwira chivindikiro chomwe chamasuka n'kumaoneka ngati chili bwino. Dinani pakati pa chivindikiro. Chikamadumpha, botolo limenelo silinatseke, idyani msanga. Lembani dzina ndi tsiku pa chivindikiro, chifukwa mapepala omata amadyedwa ndi mphemvu. Zatsopano kumbuyo, zakale kutsogolo, zonse zithe chaka chisanathe. Musasanjikize botolo pamwamba pa linzake popanda kabolodi pakati.

Naphiri: Zikomo Nankhoma. Nanga nyemba, nkhwani ndi nyama tingaike nawo pa shelefupo?

Nankhoma: Ayi ndithu, pokhapokha mutakhala ndi mphika wapadera wa pulesha wophikira mabotolo. Zakudya zosawawasa zimalola kachilombo ka Clostridium botulinum kutulutsa poizoni m'botolo lotseka, ndipo nthawi zina sipakhala fungo kapena thovu lokuchenjezani. Njere zake zimafa pa madigiri 116 kupita m'mwamba, pomwe madzi owira ku Lilongwe ndi ku Blantyre safika ngakhale 97 chifukwa n'kokwera. Masamba futsani monga amachitira makolo, mfutso m'chikwatu umakhala mpaka chilimwe. Nyemba sungani zouma.

Tomato nayenso ali pamalire, amafuna kuwonjezera kuwawasa: theka la supuni yaing'ono ya ufa wowawasa wa citric acid, kapena masupuni aakulu awiri a madzi a mandimu ogula a m'botolo, pa lita imodzi. Wophwanyidwa, wothiridwa ali wotentha, siyani mpata wa sentimita imodzi ndi theka pamwamba, tsekani, muike mabotolo mumphika, madzi awamize ndi masentimita 3 mpaka 5. Awire mphindi 45 ku Nsanje, 50 ku Salima ndi Mangochi, 55 ku Lilongwe, Blantyre, Dedza ndi Mzuzu, kuwerenga kuyambira pomwe madzi abwata. Zivindikiro zikhale zatsopano chaka chilichonse, mphete ndi mabotolo ndiye mungabwereze.

Nambewe: Ndiye mabotolo 120 ndi zivindikiro 120 chaka ndi chaka. Naphiri, ndalama imeneyo muipatule kaye, yotsalayo ndiyo muuze wowotcherera. Ndikadali kumbali ya chitsulo, koma cha a Mwale, osati cha lata chija.

A Banda: Matabwa ake gulani lero kuti mango akamapsa akhale atauma. Mukawayala pa chimango siyani mpata wa sentimita imodzi pakati pa thabwa ndi linzake, botolo likadontha madzi asadikhe.