Thandizeni, zolemba zakale za pa intaneti ndizipeza kuti?

Wobisa dzina: Aphunzitsi anzanga, mutu waima. Oyendera sukulu akubwera Lachinayi, ndiye ahedi akuti ndipeze zolemba zakale pa intaneti zoti ana aone ndi maso. Mabuku athu adadyedwa ndi chiswe, ndipo makiyi a laibulale ali ndi mnzanga amene sitikulankhulana chifukwa cha ngongole ya banki m'khonde. Mabandulo awiri andithera, malipiro sanalowe, mwana akutsokomola. Ndiyambire pati?

Madamu a ku Mulanje: Phunziro lanji? Kalasi yanji?

Mkulu wa Mbiri: Chilembwe basi! Ana amangodziwa nkhope yake pa ndalama ndi holide ya 15 January. Afunseni za thangata ku Magomero, kapena za usiku wa 23 January 1915 pomwe adayamba kuukira atsamunda, angokuyang'anani.

Sir wa Form 2: Lowani pa archive.org, mulembe Nyasaland. Buku la 1897 la Harry Johnston, mtsamunda amene ankalamulira dziko lino, lilipo laulere, zithunzi zake zomwe. Makalata a David Livingstone ali pa Livingstone Online, ndi dzanja lake lenileni.

Mkulu wa Mbiri: Achimwene, mukufuna ana amve za atsamunda zokhazokha? Johnston ankatiyesa chiyani ife? Mafayilo enieni ali ku National Archives ku Zomba. Kwerani minibasi!

Sir wa Form 2: Munthu wanena kuti malipiro sanalowe, bwana. Tsamba limodzi la Johnston, ana aliwerenge n'kulitsutsa okha, phunziro ndi limenelo.

Amake Mapasa: Ine chaka chatha ndidatsitsa buku lonse usiku wathunthu, m'mawa foni n'kugwera m'ndowa ya madzi. Mpaka lero ndikaganiza mtima umawawa. Koma chemwali, mnzanuyo m'bwezereni ndalama zake, makiyi atuluka.

Wa ku Nsanje: Ife tikuphunzitsira pansi pa mtengo wa mango, inu muli pa intaneti. Mwayi ulipo kwanuko.

Madamu a ku Mulanje: Musatsitse buku lonse. Jambulani masamba awiri pa foni, mukasindikize pa trading centre, muwagawire m'magulu. Koma ndafunsa kalasi yanji?

Mkulu wa Mbiri: Kalasi iliyonse imve za Chilembwe! Mu 1914 adalemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo ya eni. Ndi aphunzitsi angati muno adaiwerengapo? Ulesi watipha.

Wobisa dzina: Zikomo nonse. Amake Mapasa, ndalamazo si ine ndidadya, ndidangosainira mlamu wanga. Ndiye ndilembe chiyani pa Google?