Nandolo ndi chimanga m'munda umodzi, ndiyambe bwanji?

Abale ndithandizeni nzeru. Kamunda kathu ka pabanja nthaka yake yaguga, feteleza tikuthira chaka ndi chaka koma chimanga chikumangobwera chachikasu, zokolola kumangotsika. Ndikudziwa kuti mbewu za mtundu wa nyemba monga nandolo zimaonjezera nayitrojeni m'nthaka chifukwa cha timabakiteriya tokhala ku mizu kuja, nde chaka chino ndikufuna ndisakanize basi. Koma nandoloyo ndidzale tsiku limodzi ndi chimanga kapena ndidikire kaye chimere? Nanga mapesi ndiwasiye pamwamba ngati chophimbira kapena ndikwirire? Ena akuti kuphimbira kumaitana chiswe, koma kuotcha kokha ine ndakana, kumangosiya nthaka pamtetete. Amene munayesapo tandiuzeni mmene munatalikitsira mizere.