Ndaisintha ubongo milling ya CNC koma 100mm ikumatuluka 101 ndi zakezake

WaMakata:
Akuluakulu mwaswera bwanji, ndithandizeni nzeru mutu waima kuno. Tili ndi milling (makina osema zitsulo) yakale ya Bridgeport yomwe abwana anagula ku Joni kalekale, control yake inafa ndiye yakhala pakona titaifunditsa lona mpaka makoswe anamangamo nyumba. Mwezi watha ndinawanyengerera kuti tiidzutse, ndachotsa zamkati zonse ndaika ma stepper atsopano, ma driver a DM860, breakout board, inverter ya spindle ndi kompyuta yakale ya Windows 7 yoyendetsa Mach3, pulogalamu yolamulira makinawo, pa parallel port. Ukamaiona ikuyenda umachita kukoma mtima koma dzulo ndaboola mabowo awiri otalikirana 100mm pa plate ya aluminium, poyeza ndi vernier ndapeza 101.5, yachiwiri 101.2, yachitatu 101.9. Ma plate atatu apita ndipo abwana ayamba kundiyang'ana ndi diso lija loti ndalama zanga zija zili kuti.

FitterWaLimbe:
Aise imeneyo ndi backlash basi, kampata kaja ka pakati pa screw ndi nut, makina okalamba ndi momwemo nut inadyeka. Ika backlash compensation mu Mach3 uone.

MadalaWaGermiston:
Ayi achimwene tisathamangire backlash. Backlash imadya mulingo pamene tebulo likubwerera, ndipo imakhala yomweyomweyo kaya wayenda 10mm kaya 300mm, siyingakuonjezereni milimita ndi theka. Mwana wanga wa ku Makata, steps per mm unaika zingati ndipo unazipeza bwanji?

WaMakata:
Madala ndinaika 640. Mota ndi ya ma step 200, driver ndaika microstep 8 ndiye 1600 pa kuzungulira kamodzi, pulley ndi 2 kwa 1 zikukwana 3200, kugawa ndi pitch ya screw 5mm.

MadalaWaGermiston:
5mm imeneyo unayeza kapena unangoyang'ana ndi maso nkunena kuti ndi 5? Makina amenewa anapangidwa mu ma inchi mwana wanga, screw yake imayenda 0.2 ya inchi ikazungulira kamodzi, ndiye kuti 5.08mm. Ndi maso sungasiyanitse, ngakhale ndi rula. Tachita masamu wekha, ukalamula 100mm kompyuta ikutumiza ma step 64000, screw ikuzungulira ka 20, ndiye 20 kuchulukitsa 5.08 ndi 101.6. Si pomwe manambala akowo akuzungulirapo? Zimitsa spindle, manga kloko yoyezera ija ya singano (dial indicator) pa tebulo kapena ingogwiritsa vernier yaitali, yendetsa 50 kenako 200 mbali imodzi osabwerera. Ukapeza 50.8 ndi 203.2 nkhani yatha, uike 629.92 mmalo mwa 640. Ine zinandichitikira pa lathe zaka zapitazo ndinatukwana ma driver sabata yonse pamene wolakwa ndinali ine ndemwe.

MnyamataWaLinux:
Mukanangotaya Mach3 yo man, parallel port driver yake imafuna Windows ya 32 bit yomwe ngakhale kompyuta zake zikusowa masiku ano. LinuxCNC ndi yaulere, muike card ya Mesa 7i76E ya ethernet ma pulse azipangidwa pa card osati mu Windows.

WaMakata:
Man ndikudziwa koma card imeneyo ndi ya ma dollar, forex yake mukuidziwa mmene ilili, abwana ndikawauzanso za kugula china andithamangitsa. Madala mwalasa, 50 yatuluka 50.8 ndendende, ndasintha manambala pa X ndi Y ndipo spindle ili chozima ikubwerera pa zero bwinobwino kakhumi konse. Manyazi andigwira zedi. Koma nditayatsa spindle ndikudulanso ndapeza 99.7 kenako 100.3, ndipo kawiri konse yangoima yokha nkulemba kuti limit switch yagundidwa pamene tebulo lili pakati.

MayiWaMaPanel:
Ndimadikira pomwepa. Kuyambira pachiyambi manambala anu sanali ofanana, 101.2 lero 101.9 mawa, screw yolakwika pitch siisintha maganizo choncho, ndiye matenda anali awiri, amodzi achira. Otsalawa ndi noise ya inverter. Achimwene tajambulani mkati mwa bokosi mutumize, ndipo mundiuze waya wochoka ku inverter kupita ku mota ya spindle ndi wamtundu wanji.

WaMakata:
Ndatumiza chemwali. Wa spindle ndi cabtyre wamba wa 4 core, ma step ndi direction ndinagwiritsa timawaya tija ta alamu.

MayiWaMaPanel:
Eee ndaona, zaukhondo ndithu mwamanga bwino ndi ma cable tie, koma ukhondo umenewo ndi womwe wakupwetekani chifukwa mwamangirira waya wa spindle mtolo umodzi ndi timawaya ta 5V mtunda wonse mpaka kutuluka mbokosi. Inverter siitulutsa magetsi osalala ngati a pakhoma, imaduladula kambirimbiri pa sekondi ndiye waya wake amakhala ngati mlongoti wa wailesi, kawaya ka step kakamva phokosolo driver imaona ngati yalamulidwa nkuponda step yomwe kompyuta siikuidziwa, ndipo stepper ilibe encoder yoti inene kuti ndasochera. Dulani ma tie onsewo. Waya wa spindle adutse mbali yakeyake, ngati nkotheka 20cm kapena kupitirira kutali ndi ma signal, pomwe akuyenera kukumana adutsane mopingasa osati kuyenda limodzi. Wa spindle akhale wa shield, wokutidwa ndi chitsulo chotchinga noise, ndipo shield yake imangidwe mbali zonse ziwiri, ku inverter ndi ku thupi la mota. Wa ma signal shield mbali imodzi yokha ya kubokosi. Ma earth onse akumane pa bawuti imodzi pa plate ya bokosi, osati uyu kulumikiza kwa uyu ngati unyolo, ndipo penti ya pomwe pali bawutipo muipale mpaka chitsulo chiwale. Mu ma parameter a inverter tsitsani carrier frequency, liwiro la kuduladula kuja, ifike cha mma 4kHz, mota izilira ka mluzu kosowetsa mtendere koma noise imachepa.

FitterWaLimbe:
Waya wa shield wa mota mtauni muno ndi wovuta kumupeza, ine ndinachita kuitanitsa pa basi.

MayiWaMaPanel:
Podikira basiyo alowetse cabtyre yemweyo mu conduit yachitsulo nkuimanga ku earth, zimathandiza ndithu. Za ma signal agule network cable ya shield mma shopu a makompyuta, peyala imodzi step, ina direction, osasakaniza. Za limit switch aike debounce (kadikiridwe kochepa kompyuta isanakhulupirire switch) mu General Config ya Mach3, ayambire 500 kaye, koma mankhwala enieni ndi ma switch a normally closed pa 24V ngati board ikulola. Debounce yochuluka imachedwetsa makina kuima ndiye musaikonde kwambiri.

MadalaWaGermiston:
Ndionjezere kamodzi, mu motor tuning step pulse uike 5 microseconds, ma driver amenewo amafuna osachepera 2.5 ndipo ma opto, tizida todutsitsa signal, a ma board otchipawa ndi aulesi. Komanso earth ya shed yonseyo unaiyeza? Makamaka mukakhala pa jenereta.

WaMakata:
Pepani ndinasowa masiku awiri ndinali mkati mwa bokosi. Madala earth ija ndakapeza waya wake atathothoka pa rod kuseri kwa shed, clamp inachita dzimbiri mpaka kuduka ndipo palibe amene akudziwa kuti zinayamba liti, nchifukwa chake welding machine imatinyanyula tikagwira benchi ife nkumangoseka. Ndamanga clamp yatsopano, mawaya ndasiyanitsa, conduit ndaika, carrier ili pa 4. Lero ndadula ma plate asanu spindle ili pa 2000, onse ali pakati pa 99.98 ndi 100.03 ndipo limit siinalirenso. Abwana angoti hmm nkupita, kwa iwowo ndiye kuyamika kumeneko. Chemwali Fanta wanu ali kwa ine.

FitterWaLimbe:
Nanga backlash yanga ija mwangoitaya?

WaMakata:
Kkkk ilipo aise musadandaule, Y ikuonetsa 0.08 pa kloko ikamabwerera, X ndi 0.02 yokha. Ndikukayikira ma thrust bearing a kumapeto kwa screw chifukwa ndikakankha tebulo ndi dzanja screw yonse ikusuntha pang'ono.

MadalaWaGermiston:
Usaike compensation kaye. Ika nsonga ya kloko pamutu penipeni pa screw, yendetsa kutsogolo ndi kumbuyo, singano ikagwedezeka ndi bearing kapena locknut yamasuka. Ukamasula uwerenge nambala yolembedwa pa bearing unditumizire, kumapeto kwa mwezi kuli mnyamata akubwera kumudzi ndimupatsira pamodzi ndi waya wa shield uja, mamita angati?

WaMakata:
Asanu akwana madala, koma ikani 6.